Nyumba ya ku Japan imayambira pansi

Loweruka m'mawa ku Kaunda Square, mumzinda wa Lusaka, kumamveka fungo la polishi ya kobra. Amayi kapena asisi amakhala chogwada, kupaka polishi pasimenti, kenako n'kupukuta ndi burashi mpaka pansi patafiira kuti psuu. Pakhonde pamandandalika nsapato ndi mapatapata a banja lonse. Mlendo akafika amati "Odi!", n'kuyang'ana pansi, ndipo popanda womuuza amayamba kumasula zingwe za nsapato zake. Eni nyumba amati, "Ayi, ingolowani nazo," koma mlendo wodziwa ulemu amavulabe.

Kutali kum'mawa kuli dziko la zilumba lotchedwa Japan, kumene kumachokera maminibasi a Toyota amene mumakwera pa Great East Road popita m'tauni. Kumeneko mwambo wovula nsapato ngwamphamvu kuposa kwathu kuno, ndipo zambiri zimene zimasiyanitsa nyumba ya ku Japan ndi nyumba zina zinamera pa mwambo umenewu. Masiku ano anthu a ku Ulaya ndi ku America amalipira ndalama zochuluka kuti nyumba zawo zifanane ndi za ku Japan. Kodi akufunamo chiyani? Tiyeni, ana inu, tilowe m'nyumba imodzi tikadzionere tokha.

Nsapato zimathera pati?

Mukatsegula chitseko simufikira pabalaza ayi. Mumafikira pa kamalo kotsika kotchedwa genkan, ka simenti, miyala kapena matailosi. Nyumba yeniyeni imayambira pamwamba pa sitepe. Mumavula nsapato muli pansipo, n'kukwera sitepeyo ndi masokosi, osapondanso pomwe paponda nsapato. Ana amaphunzitsidwa kutembenuza nsapato zawo kuti ziloze kukhomo, kuti potuluka azingolowetsa mapazi. M'nyumba muli masilipasi ake, ndipo kuchimbudzi kulinso ena amene satuluka m'chimbudzimo. Ngakhale kusukulu, mwana aliyense ali ndi kabokosi kake polowera, momwe amasiya nsapato za panja n'kuvala zina za m'kalasi.

Chifukwa chake sichovuta kumva. Japan ndi dziko la mvula yambiri ndi chinyezi, makamaka mu Juni ndi Julayi. Makolo a kumeneko ankamanga nyumba zamatabwa zokwezeka, kusiya mpata kunsi kuti mphepo izidutsa, matabwa asaole. Pansi pa nyumbayo ndi pomwe ankakhala, kudyera ndi kugona. Kodi inu mungalole munthu wochokera kumsika nthawi ya dzinja kuti aponde pogona panu ndi nsapato zake?

Mphasa yosapindika

Chipinda cha makolo ku Japan amachiyala ndi tatami. Tatami ndi mbale wake wa mphasa yathu, koma ndi yochindikala pafupifupi masentimita 5, ndipo simungaipinde n'kupita nayo pamthunzi wa mango. Pachikale, m'kati mwake amathithikizamo mapesi a mpunga n'kuwasoka molimba. Pamwamba amakutirapo udzu wa m'madzi wotchedwa igusa, wolukidwa mothinana, ndipo m'mbali amasokeramo nsalu. Udzu umenewu amachita kubzala m'minda yodzaza madzi, makamaka m'chigawo cha Kumamoto, kummwera kwa dzikolo. Tatami yatsopano imakhala yobiriwirako ndipo imanunkhira udzu. Ikamakalamba imasanduka yachikasu. Pa tatami palibe kuponda ngakhale ndi silipasi. Ndi masokosi kapena phazi lokha basi.

Tatami imodzi ndi pafupifupi masentimita 90 m'lifupi ndi 180 m'litali, malo okwana munthu wamkulu mmodzi atagona. Za ku Kyoto n'zokulirapo pang'ono kuposa za ku Tokyo. Popeza m'litali muli m'lifupi kawiri, matatami amalumikizana bwino popanda kusiya mpata, ndipo anthu anazolowera kuyeza zipinda powerenga matatami. Wofuna nyumba ya lendi amauzidwa kuti, "Chipindachi n'cha matatami 6." Chimenecho ndi chipinda cha mamita 2.7 kwina ndi 3.6 kwina, kapena kuchepera apo pang'ono. Bwerekani tepi ya atelala muyeze chipinda chanu. Mwina mupeza kuti ana a ku Tokyo sakuposani malo.

Chipinda chimodzi, ntchito zitatu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye tcherani khutu.

Munthu wokhala pansi alibe nalo ntchito tebulo lalitali. Choncho mabanja a ku Japan ankadyera pa katebulo kakafupi kotchedwa chabudai, kotalika pafupifupi masentimita 30, kokhala ndi miyendo yopinda. Aliyense ankakhala pa kapilo kake kafulati. Akatha kudya madzulo ankapinda miyendo ya tebulo n'kulitsamiza kukhoma. Kenako ankatsegula kabati yaikulu ya m'khoma n'kutulutsa futon, yomwe ndi matiresi opyapyala a thonje pamodzi ndi chofunda chake chochindikala. Ayala, agona. Kukacha ayalula, apinda patatu, abweza m'kabati. Tsiku la dzuwa amayanika futon panja kuti chinyezi chichoke, moti mpaka lero makonde a nyumba zosanjikizana ku Tokyo amadzaza zofunda zili lende.

Ndiye kuti chipinda chomwecho m'mawa n'chodyera, masana n'chosewerera ana ndi kuchezeramo alendo, usiku n'chogona. Masana chimaoneka chachikulu chifukwa mulibe bedi lotenga theka la chipinda tsiku lonse pamene palibe wogonapo.

Kaunda Square inayamba cha m'ma 1970, pamene anthu ankapatsidwa mapuloti aang'ono kuti adzimangire okha nyumba. Kuyambira nthawiyo mabanja akula, asuweni abwera kuchokera ku Chipata ndi ku Petauke kudzaphunzira m'tauni, koma mapuloti sanakule. Ana ambiri amagona pabalaza. Amadikira akulu atseke wailesi yakanema, amakankha tebulo, amayala mphasa ndi matiresi, ndipo m'mawa amayalula alendo asanafike. Alipo ana amene amabisa zimenezi kwa anzawo a kusukulu, makamaka akamva wina wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands akunena za chipinda chakechake. Zimandiwawa mtima kwambiri. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Kuyala ndi kuyalula kumeneko ndi nzeru yomwe amisiri otchuka omanga nyumba anapita kukaiphunzira ku Japan n'kuilemba m'mabuku.

Chimene anzathuwo anatiposa n'chimodzi: anakonzeratu pokhala zofunda masana. Kabati yawo ya m'khoma ndi yakuya pafupifupi masentimita 80, ili ndi shelefu yolimba pakati, ndipo inapangidwira futon yopinda. Kwathu matiresi amaimikidwa kuseri kwa sofa, mabulangete n'kuunjikidwa pabedi la amayi. Chovuta si kugona pansi ayi, koma kusowa posunga.

Zitseko za pepala

Chitseko cha mahinjesi chimadya malo potseguka; simungaike kanthu kumbuyo kwake. Zitseko za m'nyumba ya ku Japan zimatsetsereka chammbali m'kangalande kosema pathabwa. Zina, zotchedwa shoji, ndi timatabwa topyapyala tolumikizidwa mopingasana, ndipo kumbuyo kwake amamatako pepala loyera. Pepalalo, washi, si la m'kope lanu. Amalipanga ndi khungwa la kamtengo ka mtundu wa mabulosi: amaphika khungwalo, kulisinja, kulisakaniza m'madzi, n'kusefa pa sefa ya nsungwi. Ulusi wake ndi wautali, n'chifukwa chake pepalalo ndi lolimba. M'chaka cha 2014 bungwe la UNESCO linaika luso lopanga washi pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse. Dzuwa likawomba pa shoji silithobwa m'maso. Kuwala kumamwazika chipinda chonse mofatsa.

Zitseko zina, fusuma, n'zochindikala ndipo kuwala sikudutsa. Zimenezi mungathe kuzinyamula n'kuzichotseratu, zipinda ziwiri n'kusanduka chimodzi pakakhala maliro kapena phwando. Inde, ana a kumeneko nawonso amabowola shoji ndi chala, ndipo nawonso amadzudzulidwa. Pakutha pa chaka, pamene banja lonse limayeretsa nyumba kukonzekera chaka chatsopano, mapepala obowoka amamatulidwa n'kumata ena.

Nanga nyumba ya zitseko za pepala imaima bwanji? Denga lake silitsamira pakhoma ngati nyumba zathu za njerwa kapena mabuloko. Limanyamulidwa ndi mizati ndi mitanda, yomwe akalipentala amasema kuti ilowane yokha popanda kudalira misomali. Chivomezi chikabwera, ndipo ku Japan zimabwera kawirikawiri, mfundo zoterezi zimagwedezeka n'kubwerera m'malo. Kachisi wa Horyu-ji, pafupi ndi mzinda wa Nara, ali ndi nyumba zamatabwa zimene zaima zaka zoposa 1,300.

Duwa limodzi

M'chipinda cholandirira alendo mumakhala kamalo kolowa m'khoma kotchedwa tokonoma. Mmenemo amapachikamo chithunzi chimodzi kapena mawu olembedwa ndi burashi, pansi pake n'kuika mtsuko wa maluwa. Basi. Nyengo ikasintha amachotsa chithunzicho n'kutulutsa china chomwe chinasungidwa.

Munthu amene anaphunzitsa anthu kukonda zinthu zochepa chonchi ndi Sen no Rikyu, katswiri wa mwambo wa tiyi, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1522 mpaka 1591. Kanyumba ka tiyi kotchedwa Tai-an, komwe anthu amati anakakonza ndi iye, kakadalipo pafupi ndi Kyoto. M'kati mwake muli matatami awiri okha, makoma ake ndi omata ndi dothi losakaniza ndi udzu, ndipo kakhomo kake n'kakang'ono moti aliyense, ngakhale mkulu wa asilikali, ankalowa chokwawa.

Pali nthano imene amakamba za iye. Akuti wolamulira dziko, Toyotomi Hideyoshi, anamva kuti m'munda mwa Rikyu mwachita maluwa okongola zedi, ndipo anapita kukaona. Atafika anapeza onse atathotholedwa, m'munda muli mbee. Analowa m'kanyumba ka tiyi atakwiya, ndipo mu tokonoma anapeza duwa limodzi lokha, lokongola kuposa onse, lili mumtsuko. Ine maluwa othotholedwawo ndimawamvera chisoni, koma mfundo yake ndi yoona: zinthu zikachuluka maso sadziwa poima.

Taganizirani displei ya pabalaza panu. Muli makapu a ukwati wa amayi, zithunzi za asisi atavala gauni, timbale tosadyeramo, tidole, timaluwa ta pulasitiki. Displei ndimaikonda, chifukwa ndi mbiri ya banja. Koma kodi ndi liti pamene munaimirira n'kuyang'anitsitsa chinthu chimodzi mmenemo? Mabanja a ku Japan nawonso ali ndi zinthu zambiri. Kungoti amaonetsa chimodzichimodzi, chilichonse panthawi yake.

Zinaoloka bwanji nyanja?

Kwa zaka zoposa 200 Japan inatseka makomo ake, moti mwa azungu onse ndi a ku Holland okha amene ankaloledwa kuchita malonda, padoko la Nagasaki. M'chaka cha 1853 zombo zankhondo za ku America zotsogozedwa ndi Matthew Perry zinafika n'kukakamiza dzikolo kutsegula. Posakhalitsa zithunzi, mbale ndi nsalu za ku Japan zinayamba kufika ku Ulaya, ndipo pachionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1867 anthu anachita nazo chidwi kwambiri. Nyumba za anthu olemera a ku Ulaya nthawi imeneyo zinali zodzaza: makatani olemera, mipando yosemasema, makalapeti, zokongoletsa mpaka kudenga. Poyamba azunguwo ankangogula zinthu za ku Japan n'kuwonjezera pa mulu womwewo. Wojambula wa ku France, Claude Monet, anasonkhanitsa zithunzi za ku Japan zoposa 200, zambiri n'kuzipachika m'nyumba yake ku Giverny.

Kenako kunabwera anthu amene anayang'ana nyumba yeniyeniyo. Mmisiri wa ku America, Frank Lloyd Wright, anapita ku Japan mu 1905, ndipo nyumba zimene ankamanga zinali zazifupi, za madenga otambalala, zipinda zolowana popanda makoma ambiri. Ndi iye anakonza hotela ya Imperial ku Tokyo, yomwe inatsegulidwa mu 1923. Mu 1933 mmisiri wa ku Germany, Bruno Taut, anaona nyumba yachifumu ya Katsura ku Kyoto, yomangidwa m'zaka za m'ma 1600, ndipo anadabwa kupeza kuti zimene iye ndi anzake ankaziyesa zatsopano, mizere yowongoka ndi zipinda zopanda zokongoletsa, zinalipo kale. Mu 1951 wosema wina, Isamu Noguchi, amene bambo ake anali a ku Japan ndipo mayi ake a ku America, anapita ku Gifu, tauni ya opanga nyali za pepala, n'kuyamba kupanga nyali za washi ndi nsungwi zoyaka ndi babu ya magetsi. Nyali zozungulira za pepala zimene mumaona m'masitolo zinatchuka chifukwa cha ntchito ngati imeneyo.

Zinthu zikaoloka nyanja zimasintha. Futon itafika ku America anaiika pa felemu yamatabwa, n'kusanduka sofa yotambasula usiku, chifukwa eni ake sanazolowere kugona pansi. Masiku ano pali kakonzedwe kotchedwa Japandi, kosakaniza za ku Japan ndi za mayiko a kumpoto kwa Ulaya monga Denmark ndi Sweden: matabwa osapaka utoto, mipando yaifupi, makoma oyera, madengu oluka. Ena amagula zonsezi koma n'kumalowabe ndi nsapato mpaka kuchipinda. Atenga maonekedwe, asiya khalidwe lomwe linabala maonekedwewo.

Mayi wina wa ku Tokyo, Marie Kondo, analemba buku mu 2011 lophunzitsa anthu kuchotsa m'nyumba zinthu zomwe sakuzifuna, ndipo mu 2019 anaonekera pa Netflix akuthandiza mabanja a ku America. Langizo lochotsa zinthu ndi la anthu amene zinawachulukira. Zina mwa zovala zimene anthu a ku America ndi ku Ulaya amachotsa ndi zomwe timagula pa salaula. Kwathu malaya akakuchepera amapita kwa mng'ono wako. Koma kapindidwe kake ka zovala n'kothandiza aliyense: pindani malaya akhale kakang'ono kolimba, n'kuwaimika chilili m'dirowa kapena m'katoni, osati kusanjikiza. Mukatero mumaona onse nthawi imodzi, ndipo simugwetsa mulu pofuna yunifolomu m'mawa.

Dziwaninso kuti Japan nayo inatengera za azungu. Pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia inalandira ufulu, othamanga athu anayenda ndi dzina latsopano la dziko lathu pamwambo wotseka masewera a Olympics ku Tokyo. Nthawi imeneyo mabanja ambiri achinyamata mumzindawo anali akusamukira kale m'nyumba zosanjikizana za konkire, zodyera patebulo ndi pamipando. Lero ambiri amagona pabedi, nyumba zatsopano zimakhala ndi chipinda chimodzi cha tatami kapena osakhala nacho n'komwe, ndipo alimi a igusa achepa kwambiri. Koma genkan sanaisiye. Ngakhale kanyumba kakang'ono ka mwana wa ku yunivesite kali ndi povulira nsapato.

Nanga ku Kaunda Square zingatheke?

Zina ayi. Chitseko cha pepala sichingalowe m'malo mwa chitseko cha panja ndi zitsulo za m'mawindo. Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala lingadetse pepala loyera sabata isanathe. Tatami ya mapesi itayalidwa pasimenti yonyowa m'dzinja ingachite chuku, chiswe n'kumalizitsa. Ndipo chonde, musayese kupanga nyali ya pepala yoika kandulo m'kati magetsi akazima. Mizinda ya ku Japan ya matabwa ndi mapepala inapsa kambirimbiri kalelo.

Koma zambiri n'zotheka, ndipo sizifuna kuitanitsa kanthu kunja. Mphasa za bango ndi mikeka ya mlaza tili nazo. Ku Kabwata Cultural Village, pa Burma Road, kuli madengu, malichero ndi timipando tosema, zinthu za mtundu womwe masitolo a ku Ulaya amagulitsa modula. Akalipentala a ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, angathe kukhoma katebulo ka miyendo yopinda ngati atate atawapatsa muyezo, komanso bokosi lalitali lokhala ndi chivundikiro, lomwe masana ndi benchi pamene m'kati mwake muli mabulangete. Kashelefu ka nsapato pakhomo mungathe kupanga nokha ndi thabwa limodzi ndi mabuloko awiri. Pofuna kugawa chipinda, chitenje chopachika pawaya chimagwira ntchito ya fusuma: usiku mutseka, masana mukankhira kumbali.

Inu ogona pansi, kumbukirani zinthu zitatu. Mu Juni ndi Julayi simenti ya ku Lusaka imazizira kwambiri, choncho yalani mphasa kunsi kwa matiresi, osagona pa matiresi okha. Loweruka lililonse la dzuwa tulutsani zogonera zikawambe. Ndipo khomani kamsomali kudenga kapena pakhoma kopachikira neti, m'mphepete mwake muzipisa kunsi kwa matiresi kuti udzudzu usapeze polowera.

Mukafuna kuyesa za duwa limodzi zija, pemphani kaye: "Amayi, kodi mungandilole ndikonze shelefu imodzi ya m'displei?" Akavomera, sankhani chinthu chimodzi, mwina mtsuko wadothi umene ambuya anabwera nawo kuchokera kumudzi, chikhale chokha pashelefupo mwezi wathunthu. Zotsalazo zikulungeni bwino m'nyuzipepala, muzisunge m'katoni, mwezi wamawa mudzatulutse china.

Pokonzakonza ponsepo, mpando wa ambuya usachoke pabalaza. Maondo a okalamba savomera kukhala pansi ndi kudzuka pafupipafupi, ndipo ku Japan komweko akachisi ndi malo odyera ambiri anaika timipando tatifupi pa tatami kuti agogo azikhalapo.